Zokwanira N'zingati? Zomwe Tingatole kwa Abuda

Mutafunsa anthu a kuno kwa Kapichi kuti akufuna ndalama zingati pa mwezi kuti mtima ukhale m'malo, aliyense angatchule zoposa zimene akulandira lero. Wothyola tiyi amati ndikadakhala kapitawo bwenzi ndikugona tulo. Kapitawo maso ali pa mpando wa kalaliki. Kalaliki akaona galimoto ya manijala amameza malovu, pomwe manijalayo usiku amangotembenuka pabedi kuganiza za ngongole ya kubanki. Tonse tili ndi nambala yathu m'mutu, koma tikangoifika imasunthira patsogolo.

Funso loti zokwanira n'zingati ndi la zaumoyo, monga mmene ilili nkhani ya madzi akumwa kapena ya ndiwo zamasamba. Munthu wankhawa sagona, sadya bwino, BP imakwera, ndipo pakhomo amangokalipa popanda chifukwa. Apolisi akamatulutsa malipoti a anthu odzipha m'dziko muno, ngongole sizilephera kutchulidwa pa zifukwa zake, ndipo ambiri mwa otisiyawo amakhala abambo. N'chifukwa chake mwezi uno ndikufuna tione anthu amene funsoli analiika pakati penipeni pa chipembedzo chawo. Anthuwa ndi Abuda.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti za Chibuda zikudzatani m'magazini ya mabanja a Adventist. Dekhani, abale ndi alongo. Solomo anatuma waulesi kuti akaphunzire kwa nyerere (Miyambo 6:6), ndipo Paulo polalikira ku Atene anatchula zimene alakatuli a Agiriki ananena (Machitidwe 17:28). Paulo yemweyo anauza Atesalonika kuti aziyesa zinthu zonse n'kusunga zabwino zokha. Tiyeni tiyese, tipete, mankhusu atsale m'lichero.

Abuda sali kutali

Kale Chibuda tinkangochimva m'kalasi. Lero munthu akachoka ku Limbe kulowera ku Zomba, pa Mapanga amaona nyumba za madenga opindika m'nsonga ngati za ku China. Pamenepo ndi pa Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye amene anatsegulidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anawayambitsa ndi mmonke wa ku Taiwan dzina lake Hui Li, amene anafika ku South Africa mu 1992 kudzatsogolera ntchito yomanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit. Ana a pamalopo amadzuka mbandakucha kukapemphera, sadya nyama, amaphunzira Chitchaina ndi masewera a kung fu pamodzi ndi maphunziro a sukulu zathu. Mu 2019 kunatuluka filimu yotchedwa Buddha in Africa, yojambulidwa ndi Nicole Schafer, imene inaonetsa mnyamata wokulira pamalopo akulimbana ndi funso la komwe ali wake, kumudzi kwa agogo kapena kwa omulerawo.

Ngakhale chitsamba chimene chatizungulira kuno ku Thyolo chili ndi mbiri ndi Abuda. Amonke a ku China ankamwa tiyi kuti asawodzere posinkhasinkha, ndipo mmonke wina dzina lake Eisai anatengera mbewu za tiyi ku Japan mu 1191. Henry Brown, amene anadzala tiyi ku Mulanje mu 1891, anali atalimapo khofi ku Ceylon, dziko la Abuda ambiri lomwe lero ndi Sri Lanka. Ambiri a ife tinasiya kumwa tiyi chifukwa cha uthenga wa zaumoyo, koma ndi tiyi yemweyo amene amalipira fizi ya ana athu.

Mwana wa mfumu amene anasiya zonse

Chibuda chinayamba ndi Siddhartha Gautama, amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko lomwe lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Nkhani za Abuda zimati anali mwana wa mfumu, wokulira m'chuma, ndipo bambo ake ankamubisira chilichonse chomvetsa chisoni. Tsiku lina atatuluka kumpanda anaona nkhalamba, ulendo wina anaona wodwala, kenako maliro, pomaliza anaona munthu wosiya zonse akuyenda ndi nkhope yodekha. Anazindikira kuti chuma cha bambo ake sichingamutchinjirize ku ukalamba, matenda ndi imfa. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba yachifumu, mkazi ndi mwana wakhanda.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anadzizunza ndi njala mpaka nthiti zinkawerengeka, koma mtendere sanaupeze. Apa mpomwe anafika pa mfundo yomwe Abuda amaitcha njira yapakati: kudzikhutiritsa ndi zokoma sikupindula, kudzizunza nakonso sikupindula. Ali ndi zaka 35, atakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya, m'dziko la India, akuti maso ake anatseguka, ndipo kuyambira pamenepo anatchedwa Buddha, kutanthauza wogalamuka. Anaphunzitsa kwa zaka 45 n'kumwalira ali ndi zaka 80.

Matenda ake ndi ludzu

Chiphunzitso cha Buddha chimayenda ngati mmene dokotala amachitira: kuona matenda, kupeza choyambitsa, kunena ngati n'kotheka kuchira, n'kupereka mankhwala. Matendawo anawatcha dukkha, kusakhutira komwe kumatsata munthu ngakhale pa tsiku la chisangalalo. Choyambitsa chake anachitcha tanha. M'chinenero cha Pali, chomwe malemba akale a Abuda analembedwamo, mawuwa amatanthauza ludzu.

Ludzu limeneli tonse timalidziwa. Mayi amalakalaka chitenje chomwe waona pa tsiku la msika, sagona nacho tulo, amachigula pa ngongole, koma pakatha masabata awiri chili m'sutikesi ndipo maso ali pa china. Mnyamata amalimbikira kuti agule foni yopalasa, akaigula imafuna bandulo tsiku ndi tsiku, ndipo m'foni momwemo amaona anzake a ku Joni atavala nsapato zimene iye alibe. Zili ngati kumwa madzi amchere. Makolo athu anaziona kalekale pamene ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo Mlaliki 5:10 amachenjeza kuti wokonda ndalama sizimukwana.

Pofuna kuthana ndi ludzuli, amonke a Chibuda amachepetsa katundu mpaka pa zinthu zisanu ndi zitatu: nsalu zitatu zovala, mbale yolandirira chakudya, lamba, lezala, singano, ndi kansalu kosefera madzi. M'mayiko monga Thailand, Myanmar ndi Sri Lanka amonke ambiri sadya dzuwa likapendeka mpaka m'mawa wa tsiku linalo. Amaphunzitsidwa kuti zofunika pa moyo ndi zinayi zokha: chakudya, zovala, pogona ndi mankhwala. Asanadye amadzikumbutsa kuti akudyera thanzi la thupi, osati dyera.

Malangizo a anthu apabanja

Abuda ambiri si amonke. Ndi alimi, ogulitsa pamsika ndi aphunzitsi, okhala ndi ana ndi fizi ngati ife. Iwowa amasunga malamulo asanu: osapha, osaba, osachita chigololo, osanama, ndi osamwa zoledzeretsa. Wa Adventist akamva zimenezi sangalephere kugwedeza mutu.

Malemba awo ali ndi malangizo amene akuti Buddha anapereka kwa mnyamata wina dzina lake Sigala. M'menemo muli njira zisanu ndi imodzi zomwe chuma chimathawira pakhomo: mowa, kuyendayenda usiku, kukonda zisangalalo, juga, anzako oipa ndi ulesi. Papita zaka zoposa 2,000, koma mndandandawu ukadakwanabe pa tsiku la malipiro pa sitolo iliyonse yoyandikana ndi esiteti. Mnyamatayo analangizidwanso kugawa zopeza zake panayi: gawo limodzi lodyera, magawo awiri obwezera ku ntchito kapena malonda, ndi limodzi losungira tsiku la mavuto.

Pena pake akuti Buddha anauza wamalonda wolemera dzina lake Anathapindika kuti munthu wapabanja ali ndi zimwemwe zinayi: kukhala ndi chuma chopeza mwachilungamo, kuchigwiritsa ntchito bwino, kusakhala ndi ngongole kwa wina aliyense, ndi kukhala ndi moyo wopanda chomutsutsa. Taonani kuti kusakhala ndi ngongole kunawerengedwa ngati chimwemwe pachokha. Amene anabisalapo kuseri kwa nthochi atamva mawu a wakatapila pakhomo akudziwa kuti izi n'zoona. Miyambo 22:7 imamuika wokongola pa malo a kapolo wa womukongoza.

Umphawi si moyo wosalira zambiri

Apa tisamale, chifukwa nkhani ngati iyi ikhoza kusanduka chipongwe kwa osauka. Siddhartha anasiya nyumba yachifumu mwa kufuna kwake. Mayi amene amathyola tiyi pamvula dengu lili kumsana, n'kubwerera ku nyumba yodontha, sanasankhe zimenezo, ndipo palibe angamuuze kuti vuto lake ndi kulakalaka zambiri. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera popanda aliyense wa kwa Kapichi kufunsidwa. Namondwe Freddy atawomba mu Marichi 2023 anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ya odziletsa ndi osadziletsa omwe.

Kukhutira sikutanthauza kutseka pakamwa pa malipiro osakwanira. Yakobo 5:4 amanena kuti malipiro obedwa a antchito a m'munda amalira mpaka kwa Mulungu. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe ena anasainirana pangano lotchedwa Malawi Tea 2020 lofuna kuti malipiro afike pokwanira kusamala banja, ndipo mu 2016 bungwe la antchito la PAWU ndi bungwe la eni minda ya tiyi anasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro. Zoterezi n'zoyenera, ndipo Mkhristu sachimwa akamapempha chilungamo.

Chimene tikunena n'chakuti mkati mwa zochepa zomwezo muli kagawo komwe kali m'manja mwathu, ndipo ludzu likalowa pamenepo limasandutsa umphawi kukhala ukapolo. Munthu woponya K500 pa kubetcha mpira tsiku lililonse amataya K15,000 pa mwezi, ndipo pa chaka ndi K182,500. Wotenga K20,000 ya katapila kuti ukwati wa mwana wake uwoneke ngati wa anzake amabweza K30,000 kapena kuposa, mwezi wotsatira n'kukakongolanso kuti adye. Aguri anapempha Mulungu kuti asamupatse umphawi ngakhalenso chuma, koma chakudya chomuyenera (Miyambo 30:8, 9). Imeneyo ndiyo njira yapakati ya m'Baibulo.

Pomwe timasiyana

Tikatola zabwino tisabise kusiyana. Chibuda sichiphunzitsa za Mlengi amene anaumba munthu ndipo amamudziwa ndi dzina. Chimaphunzitsa kuti munthu amabadwa mobwerezabwereza malinga ndi ntchito zake, ndipo cholinga ndi kufika pa nirvana, mawu otanthauza kuzima, monga moto umazimira nkhuni zikatha. M'chiphunzitso chawo chakale munthu amayenda yekha njirayo mwa khama lake, polimbikira makhalidwe abwino ndi kusinkhasinkha, kumene nthawi zambiri kumakhala kukhala chete n'kumatsatira mpweya ndi maganizo ake. Nthambi zina, monga ya ku Mapanga, zimaitana dzina la Amitofo poyembekezera kukabadwanso m'dziko lake loyera.

Ife timakhulupirira kuti munthu amakhala ndi moyo kamodzi, akafa amagona, ndipo adzauka Yesu akadzabwera. Timakhulupiriranso kuti ludzu la mumtima silinabwere mwangozi. Mulungu anatilenga kuti tizimufuna, ndipo vuto lathu ndi lakuti timakatunga pa zitsime zolakwika. Mkazi wa ku Samariya anali atayesa amuna asanu ndipo ludzu linali pomwepo. Yesu sanamuuze kuti alizime, anamulonjeza madzi amene akamwa sadzamvanso ludzu (Yohane 4). Paulo, akulemba ali m'ndende, anauza Afilipi kuti anaphunzira kukhutira pa njala ndi pa kukhuta, ndipo anafulumira kunena kuti mphamvu yake inkachokera kwa Khristu (Afilipi 4:11-13).

Komabe funso lotsala ndi lowawa. Ngati Mbuda, wopanda lonjezo la Atate wodyetsa mbalame, amatha kukhala ndi zochepa mtima uli phee, nanga ife amene tili ndi lonjezolo tikupikisana chifukwa chiyani pa masuti ndi nsapato za pa msonkhano wa misasa? Alipo alongo amene amajomba kutchalitchi chifukwa chovala chawo n'chimodzimodzi Sabata ndi Sabata. Mlandu umenewo ndi wa ife amene timawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Sukulu yathu ili kale pakhomo

Mulungu anaphunzitsa Aisraeli za zokwanira kwa zaka 40 kudzera m'mana. Aliyense ankatola muyezo wa tsiku limodzi. Wosunga zamawa chifukwa cha mantha ankapeza zili mphutsi zokhazokha. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ankatola miyezo iwiri, ndipo pa Sabata kunalibe kutola (Eksodo 16). Sabata ndiye sukulu yathu ya moyo wosalira zambiri. Kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu sitigula, sitigulitsa, sitithamangitsa ndalama, ndipo dziko siligwa. Kwa maola 24 kapitawo ndi wothyola amakhala pa benchi limodzi. Pa chaka timalandira masiku otere 52, koma ambiri timalowa m'Sabata thupi lokha, mutu uli ku ngongole za Lolemba.

M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Ellen White anatchula mankhwala asanu ndi atatu achilengedwe: mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupuma, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi, ndi kudalira Mulungu. Pa zonsezi chogula ndi chakudya chokha, ndipo chambiri mwa icho chimamera kuseri kwa nyumba: bonongwe, chisoso, nkhwani, nandolo, mapeyala ndi mbatata.

Amene amagwira ntchito m'minda ya tiyi akudziwa kuti chitsamba cha tiyi chikasiyidwa chimakula n'kukhala mtengo wautali, wamasamba okhwima opanda ntchito kufakitale. Amachidulira kuti chilekeze m'chiuno, ndipo mpomwe chimatulutsa timasamba tiwiri ndi kansonga tomwe ogula amafuna. Yesu ananena zofanana ndi zimenezi za mpesa pa Yohane 15. Banja nalonso limafuna kudulira.

Zoyesa mwezi uno

Choyamba, bambo ndi mayi khalani pansi ndi kope, ana okulirapo akhalepo. Mukapatula chakhumi ndi zopereka, lembani zofunika zinayi zija, chakudya, zovala, pogona ndi mankhwala, n'kuwonjezapo sukulu. Ikani mtengo pa chilichonse. Nambala yotulukayo ndiyo zokwanira za banja lanu. Ikaposa zomwe mumapeza, mwadziwa kukula kwa dzenje loti mukwirire. Ikachepera, mufunsane komwe zotsalazo zimapita.

Chachiwiri, chinthu chilichonse chomwe sichili pa mndandandawo chiyambe chadikira mpaka Sabata lidutse musanachigule. Zambiri mudzapeza kuti pofika tsiku loyamba la sabata mtima wazisiya wokha.

Chachitatu, lembani ngongole zonse popanda kubisirana: ya katapila, ya banki m'khonde, ya paokala, ya pafoni. Yambani kubweza yachiwongoladzanja chachikulu, ndipo musatenge yatsopano yogulira chinthu chomwe sichibereka ndalama.

Chachinayi, kumbukirani kuti ndalama za tiyi zimayenda ndi mvula. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amachuluka, koma chilimwe chikafika ambiri olembedwa kwa kanthawi amauzidwa kuti akapume. Gawo limodzi mwa anayi lingakhale lolemera kwa ambiri a ife. Yambani ndi limodzi mwa khumi pa malipiro aliwonse a nthawi ya dzinja, mulisunge pomwe dzanja silifika msanga. Yosefe anachita zomwezo ku Aigupto.

Chachisanu, potsegula Sabata ikani mafoni onse m'mbale imodzi, kupatula imodzi yolandirira uthenga wadzidzidzi. Madzulo a Sabata yendani ndi ana m'mphepete mwa munda, muwaonetse phiri la Mulanje kukakhala kopanda mitambo.

Chachisanu ndi chimodzi, tsegulani sutikesi. Chovala chimene chatha chaka osavalidwa chipite kwa amayi a Dorika. Abuda amaika kupatsa poyambirira pa makhalidwe abwino chifukwa anaona kuti dzanja lozolowera kutambasuka limafewetsa mtima, ndipo ife tili ndi chifukwa choposa, popeza tinapatsidwa kwaulere.

Mawu omaliza apite kwa inu amene ngongole zakufikani pakhosi, moti mwayamba kuganiza kuti banja lanu lingapepukidwe inu mutachoka. Maganizo amenewo ndi bodza la mdani, ndipo amakula munthu akakhala yekha. Ngongole imakambidwa, imagawidwa, imatha, koma ana anu sangapeze bambo kapena mayi wina. Lero lomwe uzani mkazi kapena mwamuna wanu, abusa, mkulu wa mpingo, kapena pitani kuchipatala chapafupi, ngakhale ku Malamulo, mukanene kuti tulo sitikubwera ndipo mtima walema. Mutu umodzi susenza denga. Nafenso a mumpingo, tikaona mbale wayamba kudzipatula ndi kujomba, tipite kwawo tisanaitanidwe.

Ambuye adalitse makomo anu, ndipo mukhale ndi Sabata lopumadi.